Kagalasi ka Baltasar

Laputopu yanga inafa Lachiwiri,
mvula ikuwomba malata a Valparaíso.
Inakhosomola kawiri n'kuzima,
ngati nkhalamba yotopa ndi zitunda za mzinda uno.
Zaka zisanu ndi zinayi ikundisungira mabuku a sitolo ya penti,
mpaka chilembo cha E chinafufutika ndi chala changa.

Baltasar, mwana wa mchemwali wanga,
anakwera masitepe onse aja ali wefuwefu,
kagalasi kopyapyala kali m'khwapa.
Mayi aang'ono, anatero, dziko linasamuka kalekale,
zonse zili m'tabuleti umu.
Kanali kopepuka kuposa buledi wa m'mawa.

Sabata yoyamba ndinakakonda, ndisaname.
Nyuzi ndinkawerenga ndili chigonere.
Ndinaona Ximena ali ku Antofagasta,
mdzukulu akundigwedezera dzino lofuna kuguluka.
Khoma la kasitomala ndinalijambula,
ndi chala ndinalipaka mtundu wa nyanja, kenako chikasu,
mwini wake asanagule chitini ngakhale chimodzi.
Batire linkafika usiku osapempha chaja.
Ndinadzifunsa: katundu uja ndinkasenzeranji?

Ndiye mwezi unatha.
Mwezi ukatha boma limafuna zake.
Malisiti mulu, manambala mizere mazana atatu,
chala changa chozolowera burashi
chikungogwera m'kabokosi koyandikana nako.
Ndikatsegula malisiti, manambala abisala;
ndikaitana manambala, malisiti athawa,
ngati anansi odana okana benchi imodzi.
Fayilo ndinaisunga dzulo dzuloli, ili kuti?
Akuti ili mumtambo.
Ndinasuzumira pawindo:
mitambo ya padoko inali zii, yodzaza mvula basi.
Pirinta yanga yakale nayo inakana mlendo,
ili duu pakona, kanyali kofiira kakuphethira.

Baltasar anabweranso ndi kiyibodi yomata.
M'mawa mwake, kamausi.
Kenako kachingwe kolumikizira kachingwe kena,
ndi kamwendo koimikira galasi kuti lisagwe chagada.
Ndinayang'ana tebulo, ndinayang'ana mwanayo.
Iwe, ndinatero, tamanga laputopu ndi zigamba,
ndipo mtengo wake wapitirira wa malemu uja.
Anaseka mpaka khofi anatayikira pa malisiti a Meyi.
Iye moyo wake wonse umakwana m'galasimo:
amajambula, amaphunzira, amalipira lendi,
sanasindikizepo pepala chibadwire.
Sakunama. Kungoti masiku ake ndi anga
salemera mofanana.

Loweruka ndinakulunga malemu m'thaulo,
ndinatsika naye pa chikepe chakale cha m'phiri,
chija chimalira ngati chitseko cha tchalitchi,
mpaka kwa Evaristo, kuseri kwa msika wa nsomba.
Anamasula tizitsulo tisanu ndi titatu,
napemerera kamodzi:
fumbi la penti la zaka zonse zija linabuka,
lobiriwira, lofiira, loyera,
makoma a theka la mzinda ali m'mimba mwa makina.
Siinafe iyi, anatero, inangobanika.

Tsopano zonse ziwiri zimakhala kwanga.
Kagalasi kamadzuka nane, kamatsika nane kusitolo,
kali ndi kadontho ka penti pakona kosachoka.
Masiku makumi awiri ndi asanu ndi awiri n'kokwana,
sindikumbuka n'komwe kuti kuli china.
Koma masiku atatu otsiriza a mwezi
ndimatsegula chivindikiro cholemera chija,
ndimadikira chiwuse moyo, chitenthe, ching'ung'udze,
mawindo awiri ayime phewa ndi phewa,
zala khumi zibwerere kwawo.

Baltasar akuti chaka chamawa pulogalamu yatsopano
idzathetsa zonsezi.
Mwina.
Ine ndamata kapepala pa batani lofufutika lija,
ndalembapo E ndi dzanja langa.